Namzeze Wozondoka

"Munkadziwa kuti munthu wondibereka uja anabwerako, madala, koma munatseka pakamwa n'kumationerera tikudikira munthu amene inu munali mutamuona kale."

Simbi anayankhula mawuwa ali chilili pakhomo, wopanda ndi moni yemwe, epuloni ya kuntchito ikadali m'chiuno. Kamakina ka a Singano, kamene kankalira ngati mavu otsekeredwa m'botolo, kanangoti zii. Bambo wina wandevu amene anagona chagada pabenchi, malaya atatsamira kumutu, anadzutsa khosi kuti aone mwini mkwiyowo, kenako n'kubwezanso mutu pansi ngati wakumbukira kuti za eni salowerera uli maliseche kumtunda.

Dzina loti Simbi anam'patsa ndi anzake kochapira zovala kumene ankagwira ntchito yosita, ati chifukwa sachedwa kutentha koma kuti azizire, pokhapokha kuche. A Singano nawo dzina lawo linachokera pantchito. Tsitsi linachita kuyerera m'kachipinda komweko, kuseri kwa malo ometera, mumsewu wotsikira kudoko, akujambula matatuu pakhungu la anthu. Khoma lonse linali mbalame zokhazokha, ndipo mbalame yake inali imodzi: namzeze, wa mchira wa mphanda uja.

Msewu wonse unkadziwa kagwiridwe kawo ka ntchito. Mwamuna akalembedwa ntchito m'sitima zophera nsomba kunyanja zakutali, asananyamuke ankabwera kudzajambulitsa namzeze mmodzi pachifuwa, mbali ya kumanja. Wachiwiri, wa kumanzere, ankajambulidwa munthuyo akabwerako, mapazi ataponda dothi, kuti mbalame ziwirizo ziyang'anane milomo. Ngakhale munthu awachonderere chotani, a Singano sankajambula wachiwiriyo pasadakhale. Ankati chimenecho n'chimodzimodzi kudya chakudya cha mawa lero.

Abambo a Simbi ananyamuka ndi namzeze mmodzi iye akadali ku pulayimale. Tsiku lojambulitsalo anam'tenga, ndipo ndi iye amene anawagwirira malaya atakhala pakampando kamene mpaka pano kanali pakona, mwendo umodzi utamangidwa ndi waya. Anamuuza kuti mbalame imeneyi ngakhale iuluke kukafika kothera mitambo, imabwerera pachisa chomwecho chimene inamata ndi matope pansi pa denga. Simbi anakhulupirira, monga mwana amachitira. Chaka chikatha ankayang'ana anamzeze akubwerera pakhonde la sukulu n'kumati basi ndi ino.

Kenako kunabwera a Tayi. Amenewa ndi amene ankalemba anthu ntchito za m'sitimazo, pa ofesi yawo ya magalasi akuda pafupi ndi geti la doko. Anakhala pampando wabwino wa m'nyumbamo, anamwa madzi, n'kuuza amayi a Simbi mwaulemu wonse kuti amuna awo anathawa m'sitima padoko lina lakutali, ndipo anthu anawaona ali ndi mkazi. Bodza likavala tayi limalowa m'nyumba osagogoda, ndipo eni nyumba amalipatsa mpando. Amayi anadikirabe mpaka manyazi a kudikira anaposa manyazi a kukwatiwanso, ndiye anakwatiwa ndi bambo wina wokonza mawailesi, munthu wofatsa amene sanalakwire aliyense. Simbi atakula anapeza kachipinda kakekake, ndipo mawu oti "abambo" anawachotsa m'kamwa ngati minga ya nsomba.

Ndiye sabata imeneyi mayi wina wokolopa kuchipatala, amene kale anali woyandikana nawo nyumba, anabwera kochapira zovala kuja n'kumukokera pambali. Anati muwodi ya amuna muli munthu amene galimoto ina inangom'tula pageti m'mamawa n'kuthawa, wafa ziwalo mbali ya kumanja, sakuyankhula, koma nkhope ija ngakhale yatha chotani ndi ya abambo ake. Simbi anapita, osati chifukwa cha chikondi ayi. Ankafuna akaone mmene munthu wothawa ana amaonekera. Anamwino atangomva kuti ndi mwana wa wodwalayo anam'patsa beseni ndi kansalu kuti awasambitse, n'kumuuza kuti bedilo likufunika, mawa wachibale awatenge. Pomasula mabatani a malaya achipatala aja, Simbi anapeza mbalame ziwiri.

Zonsezi anawakhuthulira a Singano mosapumira, mawu akupondana. Anati ngati mbalame zili ziwiri ndiye kuti munthuyo anabwerako kalekale, anagona pabenchi lomweli, anadutsa msewu womwewu, osakhotera kwawo. Anati achipatala akufuna awatenge, koma iye satenga munthu amene anaona chitseko chawo n'kupitirira. Akawatenge mkazi wa kudoko lakutali uja.

 A Singano anapukuta magazi pang'ono pachifuwa cha bambo wandevu uja, anamaliza phiko limene linatsala, anamata kapulasitiki pamwamba n'kumuuza kuti asakande ngakhale payabwe ngati chitedze. Bamboyo atatuluka, iwo anatsuka m'manja, anavala jekete, n'kufunafuna makiyi m'thumba.

"Tiye ukandionetse, mwanangu. Ndikapeza kuti ndi dzanja langa, udzanditukwane pamaso pa anthu, ndipo ine ndidzakugwirira epuloniyo."

Panjira Simbi ankayenda patsogolo ngati akuthawa ngongole, madalawo akutsimphina m'mbuyo, pakamwa pokha osatopa. Ankayankhula ngati akudziuza okha. Anati anthu amaganiza kuti namzeze ndi mmodzi, chonsecho aliyense amabwera ndi wake. Wina amafuna wonyamula duwa kukamwa, ameneyo ndi wa amayi ake. Wina amafuna wolasidwa ndi mpeni, ndiye kuti mnzake anatsala m'madzi. Akale ankati woyenda panyanja akaona namzeze amadziwa kuti mtunda wayandikira, chifukwa mbalameyi siyenda kutali ndi matope. Ndipo ankatinso munthu akamira, namzeze wa pachifuwa ndi amene amatola mzimu wake n'kupita nawo kwawo kuti usamangoyendayenda pamafunde. Simbi anawayankha osacheuka kuti iye sanabwere kudzaphunzira za mbalame, ndipo ngati mizimu imakwera mbalame ndiye kuti ya amuna ena imakwera khwangwala. A Singano anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti pakamwa pamenepo ndi pa abambo ake penipeni. Zimenezi zinam'psetsa mtima kwambiri moti anawasiya patali.

Wodiyo inkanunkha mankhwala okolopera ndi nthochi zakupsa. Abambo a Simbi anali pabedi la pafupi ndi zenera, thupi litatha ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri, mlomo utakhotera mbali imodzi. Zala ziwiri za dzanja lamanzere zinali zoduka pakati, ndipo zikhatho zinali ndi mizere yakuya ya zingwe. Ataona a Singano diso lawo linatseguka kwambiri, kukhosi kunatuluka kaphokoso kosamveka, misozi n'kuyenderera kulowa m'khutu. Madalawo anawapatsa moni wa tsiku lililonse, ngati anasiyana dzulo, n'kuwafunsa ngati angaoneko ntchito yawo. Anamasula mabatani pang'onopang'ono, anavala magalasi, n'kuwerama.

Wa kumanja uja anali pomwe anamusiya, m'munsi mwa fupa la khosi, wabuluu wofwifwa, mapiko otambasuka bwino, mlomo utaloza pakati pa chifuwa. Wa kumanzere anali chinthu china. Anali m'munsi kwambiri, pafupi ndi nthiti, wakuda bii, mizere yake yonenepa ndi yotupa ngati zipsera za chikwapu. Phiko lina linali lalitali kuposa linzake. Ndipo anali chagada, mimba kumwamba, msana pansi.

A Singano anayendetsa chala pamizereyo kwa nthawi. Anati woyambayo ndi wawo, sangamukane ngakhale pamaso pa woweruza. Koma wachiwiriyu ayi. Iyi si inki, ndi mwaye wosungunula ndi madzi. Ndipo chobayira chake sichinali singano ya makina koma chinthu chokhuthala, mwina mbedza yowongola n'kunola, chifukwa chinkalowa kwambiri mpaka khungu kung'ambika.

Simbi sanagonje. Mtima ukakhala kuti wasenza mkwiyo zaka zonsezo sufuna kuutula pa mawu a munthu mmodzi. Anati ndiye bwino kwambiri, zikuonetsa kuti anatsikira kwina, anakapeza chidakwa china kuseri kwa bala kuti chiwajambule, pothawa maso a anthu owadziwa. Anati taonani mbalame yake, ngati nkhuku yofa ndi chitopa, miyendo m'mwamba. Ananena zimenezi mokweza, abambo ake akumva, ndipo wodwala wa bedi linalo anatembenukira kukhoma.

Madalawo anavula magalasi n'kupukusa mutu. Anati pantchito yawo aonapo zambiri, mikango yooneka ngati mbuzi, maina a akazi olembedwa molakwika, koma sanaonepo wojambula, ngakhale woledzera chotani, amene angagoneke mbalame chagada pachifuwa cha munthu ali naye maso ndi maso. Anati sakudziwa. Anabwereza kuti sakudziwa, n'kukhala pamphepete pa bedi.

Nthawi yomweyo abambo aja anayamba kutsamwa ndi malovu. Anamwino, ali ndi thireyi m'manja kubedi lina, anakuwira Simbi kuti asangoima ngati mlendo, awadzutse akhale tsonga, awagwire cham'mbuyo. Simbi anaponya chikwama pansi, anakwera bondo limodzi pamatiresi kumutu kwa bedi, analowetsa manja m'khwapa mwawo n'kuwakoka. Anadabwa kupepuka kwake. Munthu amene kale ankamunyamula ndi dzanja limodzi tsopano ankalemera ngati mtolo wa mashati osasita. Msana wawo unatsamira pachifuwa chake, mutu unagwera kutsogolo, ndipo chibwano cha Simbi chinakhala paphewa lawo lamanzere. Anawasisita mpaka chifuwa chinatsika. Ali chomwecho, maso ake anatsetsereka kutsata kumene maso a abambo ake ankayang'ana.

Namzeze wakuda uja anali bwinobwino. Msana kumwamba, mimba pansi, mapiko otambasula, akuuluka kupita kwa mnzake. Amene anazondoka tsopano anali wa a Singano.

 Simbi anayang'ana dzanja lamanja la abambo ake, lomwe linali lende pabulangete, n'kuliyeza ndi maso: likapinda chigongono, linkafika pomwepo ndendende, m'munsi mwa bere lamanzere, pamene munthu angadzione yekha ataweramitsa mutu. Pamwamba paja, pofanana ndi woyamba, diso la mwini silifikapo.

"Anadzijambula okha," anatero, mawu atatsika. "Madala, bwerani kuno mudzaonere kumene ndili."

A Singano anazungulira bedi n'kusuzumira paphewapo. Anayankhula motsitsa. Anati anamvapo kwa obwerako ena, omwe amayankhula akamwa pang'ono, kuti kuli sitima zina zimene sizikocheza n'komwe. Nsomba zimatengedwa ndi sitima ina pakati pa madzi, mafuta ndi chakudya zimabwera ndi sitima ina, anthu okhawo ndiwo satsika. Ukathyoka amakusamutsira m'sitima inzake, ukafunsa za kwanu amakuonetsa madzi. Ankaziyesa nkhani za mowa. Anati munthu wotero, akaona kuti dothi sadzalipondanso, angathe kudzipatsa yekha mbalame yachiwiri, kuti mwina thupi likakanika, chotsalacho chipeze wochinyamula.

 Simbi anayandikitsa pakamwa pa khutu la abambo ake, ndipo mawu aja anawalavula kale anabwerera okha.

"Ababa, chichokereni kuno, munatsikako pamtunda?"

Mutu uja unayenda pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, kumanzerenso. Dzanja la zala zoduka linakwawa pabulangete, linapeza mkono wa Simbi pamene panali chipsera cha simbi yamoto, n'kugwira pomwepo ndi mphamvu imene sankaiyembekezera. Iye sanalire. Anangomva kutentha kuja kumene ankakusungira munthu uyu kukusuntha m'chifuwa, kukufuna kolowera kwina.

Madzulo ake anaimbira foni amayi ake ali pakhonde la chipatala. Anawafotokozera zonse, za mwaye, za mbedza, za phewa. Kumbali inayo kunkamveka wailesi imene bambo wofatsa uja ankakonza. Amayiwo anafunsa ngati akudya, ndiponso ngati akadali ndi chizolowezi chokana pilo. Kenako anati a Tayi aja anachita kulumbira, anagwira pamtima, anatchula ndi mtundu wa diresi imene mkaziyo anavala. Anafunsa kuti tsopano iwo atani. Simbi, amene yankho silinkamusowa, anati sakudziwa, koma asadzitukwane, wolakwa alipo ndipo si iwo.

M'mawa mwake anapempha tchuthi kuntchito, anabwereka chikuku cha odwala kwa mayi wokolopa uja, n'kuwaveka abambo ake shati yoyera imene kasitomala wina anaiwala chaka chatha, yositidwa mpaka kolala kuima. Kachipinda kake kanali kakang'ono, bedi limodzi ndi mbaula, koma anali ataganiza kale kuti iye azigona pansi. A Singano anabwera osaitanidwa, ati kudzathandiza kukankha, ngakhale kuti chikukucho ndi chimene chinkawathandiza iwo kuyenda.

Njira ya kwa Simbi inkadutsa pa geti la doko. Sanachite kukonza, msewu ndi umene unapangidwa choncho. Pa ofesi ya magalasi akuda paja panali mzere wa amuna, zikwama zili pamapazi, ena atatsegula mabatani apamwamba chifukwa kapulasitiki ka pachifuwa kankawatentha. Bambo wandevu wa dzulo uja anali pakati pawo, mkazi wake ali pambali ndi mwana kumsana. A Singano ataona mbalame zawo zili pamzere choncho, zatsopano, zonyezimira mafuta, anaima n'kugwira khoma.

Simbi ankafuna kudutsa. Anadziuza kuti wodwala ayambe wafika kunyumba, zinazo mawa. Koma abambo ake anaponda pansi ndi phazi lamoyo lija, chikuku n'kukhota. Diso lawo linali pa chitseko. Dzanja lamanzere linakwera pashati yoyerayo n'kuyamba kulimbana ndi batani, zala zoduka zikuterereka, mpaka batanilo linathothoka n'kugubuduzika pa simenti. Anagwira lachiwiri.

"Mukufuna tilowe, ababa?"

Mutu unagwedezeka, ulendo uno kuchokera m'mwamba kupita pansi.

Mlonda wa pakhomo anatchinga ndi mwendo n'kuyesa kunena kuti bwana saonana ndi anthu opanda nthawi yawo, koma chikuku chikamabwera ndi mkazi wa nkhope ngati imeneyo kumbuyo kwake, mwendo umadzichotsa wokha. Amuna a pamzere anasuzumira, kenako analowa m'mbuyo mwake mmodzimmodzi mpaka chitseko chinakanika kutsekeka. Mkatimo munkazizira ngati mufiriji. A Tayi anali kuseri kwa tebulo lalikulu, atanenepa kuposa kale, tsitsi lopaka mankhwala akuda, kapu ya tiyi ili m'manja. Anamwetulira kumwetulira kwa pantchito, anati mayi tingakuthandizeni chiyani, ndipo maso awo atatsikira pa munthu wa m'chikukuyo kumwetulira kuja kunazima.

Anayamba kunena kuti anthu amene adutsa muofesi muno ndi ambiri, sangakumbukire aliyense, komanso zochitika panyanja ndi za eni sitima, iwo amangolemba. Anati nkhani ngati izi zili ndi njira zake, abwere tsiku lina akhale pansi ngati anthu. Simbi anamasula mabatani otsalawo, anatambasula shatiyo mbali zonse ziwiri, n'kutembenuza chikuku pang'ono kuti a pakhomo aja aone nawo. Anauza bambo wandevu uja kuti abwere aime kumbuyo, ayang'anire paphewa. Bamboyo anabwera, anayang'ana, ndipo dzanja lake linapita lokha pa kapulasitiki ka pachifuwa chake.

Pamenepo Simbi anatsamira patebulo ndi manja onse awiri, zipsera za simbi zili poyera.

"Munakhala pampando wa abambo anga, munamwa madzi a amayi anga, munatchula ndi mtundu wa diresi. Munthu wake ndi uyu, pakamwa munam'tseka, koma chifuwa chake mwachiona. Ndiye ndiuzeni pamaso pa amuna awa amene mukufuna kuwatumiza komweko: doko limene anathawiralo ndi liti, ndipo amene anam'taya pageti la chipatala ngati thumba la zinyalala ndi ndani? Musayang'ane foni, bwana, yang'anani kuno. Yankhani."